Mugawe, Adadi

Lamulungu, 2 Malichi

Wailesi wati ndizilemba. Akuti munthu wosayankhula amauma m'kati ngati simenti yonyowa. Chabwino, ndayamba.

Dzina la Wailesi anamupatsa ndi amake, chifukwa chiyambireni kuyankhula mwanayu sanazimepo. Pano ndi wamkulu, amakhala payekha, amalemba nkhani pa intaneti. Za mabuku, za oimba, za ojambula. Nyuzipepala yopanda pepala. Ife ku shopu ya zitsulo nyuzi timakulungira misomali. Yakeyo sindidziwa ikulunga chiyani.

Tsiku lomaliza ndi amake linali Lachinayi wamba. Ine piringupiringu nyumba yonse kufuna magalasi anga, ku shopu ndachedwa. Iwo khale pampando, miyendo pa stulu, kapu ya tiyi m'manja. Ndinawafunsa ngati awaona. "Abambo, wofuna magalasi amafunika magalasi kuti awapeze. Mlandu wanu ndi wovuta." Anaseka mpaka tiyi kutayika. Ine sindinaseke. Ndinamenyetsa chitseko. Pang'ono chabe.

Madzulo tinadya, tinakangana za babu la kubafa lomwe linapsa, tinagona. M'mawa mwake anagwa akuchapa. Kuchipatala anafika. Kubwerako ayi.

Magalasi mpaka lero sanapezeke. Babu silinasinthidwe.

Lachiwiri, 4 Malichi

Mlamu, mng'ono wawo wa malemu, waimbanso za zovala. Ndati ndiona. Wadiropu sindinaitsegule chiyambire.

Zovala zili bwino, zili m'kati. Vuto ndi mabuku. Pa shelefu, pansi pa bedi, pamwamba pa firiji. Ankagula akale, a m'mbali mwa msewu. Kumaliza, ngakhale limodzi ayi. Ndikafunsa ankati, "Ndikamaliza, anthu a m'bukumo apita kuti?" Pomwe asiyira ankaikapo chilichonse chomwe chili pafupi. Supuni. Sokosi. Chipeso. Supuni zathu zinathera m'mabuku, shuga tinkatakasa ndi foloko.

Wailesi wandiuza pafoni kuti anthu omutsatira achuluka, zikwizikwi. Ndamuuza azisinthasintha njira popita kwake, ndipo asamayende yekha. Waseka mpaka kutsamwa. Akuti kumutsatirako ndi kwa pafoni, ndiponso n'chinthu chabwino. Dziko latembenuka.

Lachinayi, 6 Malichi

Wailesi waimba ndili pakati poyeza waya wa kasitomala. Phokoso la chopukusira zitsulo kuseri. Zomwe ndamva: walemba nkhani ya amake ndi mabuku awo, wanditumizira pafoni. Kenako: "Mukatero mugawe, Adadi. Musasunge nokha ayi. Mugawire aliyense, wometa uja, atelala, onse." Foni thii, batire yatha.

Kunyumba ndatsegula nkhaniyo. Popanda magalasi, nyerere zokhazokha zili pamzere.

Koma mawu aja ndawamva. Mugawe. Ndiye kuti mwananso waona kuti nthawi yakwana. Mlamu ndikanamuzemba chaka chonse. Mwana wawo ayi.

Ndakhala pa bedi, mbali yawo. Sindinadye.

Loweruka, 8 Malichi

Ndabwereka wilibala ku shopu. Maulendo angapo.

Wometa anayamba wakana. "Achimwene, ine kuwerenga kwanga ndi kwa zikwangwani basi." Ndamusiyira atatu, limodzi lachikondi, lili ndi mkazi wolira pachikuto. Atelala atenga a zithunzi. Mlonda wa pa shopu, loweta njuchi. Mayi wogulitsa mayunitsi, lophunzitsa kusambira. Ati madzi omwe amawadziwa ndi a m'ndowa. Ndati malemu nawonso chimodzimodzi, koma anafika nalo pakati. Galamala ya chilankhulo cha dziko lomwe sitidzapitako ndapatsa woyendetsa basi wa nyumba yachitatu. Amakonda kutukwana, mwina apezamo zatsopano.

Ndabwerera ndi wilibala yopanda kanthu, ikulira njira yonse. Ikufunika girisi.

Nyumba yakula. Ndikatsokomola ikuyankha.

Lamulungu, 9 Malichi

Zavuta.

Wailesi wafika m'mawa ndi foni, kamtengo koimikira foniyo ndi nyale yozungulira ngati chiwongolero. Akuti owerenga apempha zithunzi za mabuku a amake, ndi supuni zake zomwe. Walowa pabalaza. Shelefu mbee.

"Adadi, mabuku ali kuti?" Ndati ndagawa, monga unanenera.

Koyamba chibadwire, Wailesi inazima.

Itayakanso: "Ndinati mugawe NKHANI! Pali kabatani, mumangodina, nkhani imapita kwa anzanu!" Ndati kwathu kugawa ndi kugawa, chinthu chimachoka m'manja. Akuti kugawa kwa pafoni chinthu chimatsala ndi iwe. Ndati kumeneko si kugawa, ndi kuonetsa.

Walira. Wati ankafuna azibwera kudzawanunkhiza, amamveka mafuta odzola a amake. Sindinaganize kuti mabukuwo ndi akenso.

Atatonthola wandiwerengera nkhani ija mokweza. Walemba bwino mwanayu. Mulinso za foloko. Mulinso zoti amake ankawerenga milomo ikuyenda. Ndimayesa ndinkaziona ndekha. Ndinapita kubafa, ndinakhalitsako. Mdima unathandiza.

Nditabwera wandionetsa chithunzi cha amake pamwamba pa nkhaniyo. Akuti abambo ena ambiri achikonda. Ndati achikonda bwanji, mkazi wa mwini? Ndani ameneyo wa chipewayo? Waseka misozi isanaume.

Ndalonjeza kuti mabuku ndikawatenga onse. Wachoka osatsanzika bwino.

Lachitatu, 12 Malichi

Palibe manyazi oposa kukalanda chomwe unapereka wekha. Wilibala ndaisiya pakona, isandiulule.

Wometa wakana kwamtuwagalu. Kasitomala ali pampando, mutu wometedwa mbali imodzi, iye buku m'manja. "Achimwene, osati pano. Mkaziyu watsala pang'ono kudziwa kuti mwamuna wake ndi mapasa." Wandibwezera supuni.

Mlonda akuti wayamba kale kukhoma bokosi la njuchi kuseri kwa shopu. Bwana sakudziwa. Wandibwezera sokosi yanga yomwe ndinanamizira galu wa aneba.

Mayi wa mayunitsi akuphunzira kusambira pa benchi, chafufumimba, shopu ikakhala phee. Wabweza kiyi wa loko yomwe tinaphwanya kalekale.

Woyendetsa basi wandipatsa moni m'chilankhulo chija. Kapena wanditukwana.

Atelala anditengera pambali. Andipatsa chipeso atachikulunga m'kansalu. Tsitsi la malemu likadalimo, ndi imvi ziwiri zomwe ankakana kuti alibe.

Ndakhala pa wilibala kanthawi.

Kunyumba ndafika ndi matumba olira ngwengwerengwe, buku ngakhale limodzi ayi. Ndaimbira Wailesi, ndaulula zonse. Ndimadikira mkuntho. M'malo mwake: "Adadi, musasunthe. Supunizo musatsuke. Iyi ndi nkhani."

Loweruka, 22 Malichi

Masiku apita osalemba. Alendo.

Anayamba ndi wometa. Wamaliza buku lija, wabwera kudzandiuza mmene lathera, akuti malemu sanafikeko ndiye wina wa m'nyumba muno ayenera kudziwa. Mkazi uja anasankha mapasa winayo. Wometa sakugwirizana nazo. Tinakangana mpaka tiyi kuzizira, ine buku sindinaliwerenge n'komwe.

Wailesi anali pomwepo, zala zikuthamanga pafoni. Tsopano sabata iliyonse akulemba mathero a buku limodzi la amake, monga wamufotokozera yemwe walimaliza. Akuti owerenga akulimbana m'ndemanga za mapasa aja. Wauza onse omwe ndinawagawira kuti mabuku asunge, koma womaliza azibwera kudzanena. Yekha watengako limodzi kwa atelala, lonunkhiza.

Anafuna chithunzi changa. Ndinakana, ndinawerama. Wajambula dazi. Dazilo akuti alikonda anthu ambiri kuposa nkhani ya woimba wina wotchuka. Inenso ayamba kunditsatira. Ndikudziwa kuti ndi za pafoni, komabe popita ku shopu ndikumacheuka.

Mlonda walumidwa ndi njuchi pa chikope. Akuti mutu wonena za utsi anaudumpha.

Lamulungu, 30 Malichi

Ndinaimbira mlamu ndekha. Wabwera ndi zikwama ziwiri. Wadiropu ndatsegula ine.

Fungo lawo. Ndinagwira chitseko kaye.

Madiresi kwa mlamu ndi ana ake. Nsapato kwa atelala, phazi lawo n'lofanana ndi la malemu. Juzi yobiriwira Wailesi waivala pomwepo, kukutentha chonchi. Ine chipeso basi.

Pansi penipeni, kuseri kwa nsapato, chikwama chawo cha m'manja. Cholemera. M'katimo buku lonenepa, losatsekeka bwino, ngati lameza chule. Ndatsegula.

Magalasi anga. Mwendo umodzi wopindika.

Ndiye ankadziwa. Tsiku lija, tiyi akutayika, ine ndikusuzumira pansi pa mipando ngati nkhuku, ankadziwa. Mlandu wanu ndi wovuta.

Mlamu anayesa ndikulira, anayamba kundipepesa. Wailesi anayesa ndikuseka. Onse sanalakwe.

Magalasi ndawavala. Fumbi lili paliponse m'nyumba muno. Mlamu wakalamba. Nkhani ija ndaiwerenga ndekha pafoni, kabatani kaja ndakaona, ndadina. Yapita kwa wometa, ndipo yatsalanso ndi ine. Zoonadi.

Babu ndasintha.

Wailesi wafunsa ngati buku lonenepalo lipite kwa woyendetsa basi. Ndati ili lokha sindigawa, kaya kwa kabatani kaya kwa wilibala. Ndayambira pomwe panali magalasi. M'bukumo munthu wina akugogoda pachitseko, sindidziwa ndi ndani, sindidziwa akufuna chiyani. Ndawerenga masamba awiri, ndaikapo supuni.

Sindifulumira nalo. Ndikamaliza, anthu a m'bukumo...