Anabwera kudzayeza phokoso ku Limbe

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Nkolokosa tili bwino, amayi mwendo uja wasiya kutupa.

Lachiwiri pakhonde pomwe ndimasokera ku Limbe panabwera atsikana awiri akuyunivesite ndi kamakina koyezera phokoso. Anandifunsa kuti, "Amayi, chimakusokosani kwambiri n'chiyani pano?" Ankaganiza kuti nditchula oitanira minibasi. Ndinati, "Amenewo ayi, ndinawazolowera. Koma chisipika cha shopu iyi! Kasitomala akamafotokoza sindimva, mpaka ndinafupikitsa diresi ya mkwatibwi." Analemba zonse, mwini shopu ali chiimire pakhomo. Zaka zitatu ndikumudandaulira osandimvera, koma ataona cholembera anatsitsa. Pano ndikumamvanso makina anga akulira.

Mutitumizireko mankhwala opaka aja. Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati