Madzi Amene Ndinakhuthula

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo la amayi likuwalola kuyenda tsopano? Nanga chifuwa cha mwana wanu wamng'ono, chija chinayamba mutagona m'kalasi masiku awiri pothawa madzi, chinasiya? Ine m'thupi ndili bwino.

Mudabwa kulandira kalata chikhalirecho foni ndili nayo. Sabata ino ndakuimbirani katatu, ndipo katatu konse ndangofunsa za nyengo n'kudula. Ulendo womaliza munandiseka kuti kodi sukulu yonse ija ndinapitira kukaphunzira kufunsa za mitambo. Ndinaseka nanu, koma chimene ndinaimbira ndi chimene ndikulemba m'kalatayi.

Kuno mvula yadula. Madzi m'damu atsika, ndipo magalimoto akungopezanapezana tsiku lonse kutula miyala ndi mchenga kunsi kwa khoma. M'chipinda changa fumbi lalowa mpaka m'makapu. Denga lodontha silinakonzedwebe, koma panopa palibe amene ali ndi nthawi yoganiza za denga.

Sindinakufotokozerenipo bwinobwino ntchito yanga. Damu lathuli ndi chikhoma cha dothi chimene chimagwira madzi osefukira kuti azitsika mumtsinje pang'onopang'ono, asamafike kwathuko onse nthawi imodzi. Damu lililonse la dothi limachucha pang'ono, ndipo madzi ochuchawo amatulukira m'kangalande ka simenti kunsi kwa khoma. M'mawa uliwonse ndimatsika masitepe 214, kutunga madziwo m'botolo lagalasi, kuliika kutsogolo kwa pepala loyera, n'kulemba m'buku zimene ndaona. Akakhala oyera ndiye kuti zili bwino. Akakhala amatope ndiye kuti akukokolola dothi m'kati mwa khoma, ndipo khomalo likhoza kugumuka.

Chaka chatha, ndili ndi miyezi iwiri yokha pantchito, ndinaona matope m'botolomo ndipo ndinathamanga kukaimbira injiniya wamkulu. Anabwera kuchokera kutauni ndi magalimoto awiri odzaza anthu. Atavundukula chivindikiro cha ngalande anapeza nkhanu ikukumba. Abwanawo sanakalipe, anangoti nayo nkhanuyo ndiilembe m'buku, dzina lake ndi kwawo komwe. Chiyambire tsikulo anzanga amanditchula kuti injiniya wa nkhanu, ndipo ndikalowa mu ofesi sipalephera wina woyamba kuyenda cham'mbali atakanula zala. Nkhaniyi sindinakuuzeni chifukwa ndinachita manyazi.

Ndiye Lolemba la sabata ya madzi ija ndinatunga monga mwa masiku onse. Madziwo anali otuwa pang'ono, ngati mwagwera kadontho ka mkaka. Ndinaima nalo botolo nthawi yaitali. Ndinadziuza kuti mwina sindinalitsuke bwino, mwina ndi kuwala kwa m'mawa, mwinanso ndi nkhanu ina. Ndinawakhuthula, n'kutunga ena cham'mbali pamene madzi amakhala odikha. Amenewo anali oyera, ndipo ndinalemba kuti oyera. Lachiwiri ndinachita chimodzimodzi. Lachitatu ndinatunga kanayi ndisanapeze madzi oti ndiwalembe.

Achimwene, sindinganame kuti sindinadziwe. Zimenezi ndinakhoza bwino pamayeso. Ndinkangoopa kusekedwanso.

Pano pali bambo wina wachikulire amene amatsegula ndi kutseka mageti a madzi. Tonse timangowaitana kuti a Chipewa, chifukwa palibe anaonapo pamutu pawo. Lachinayi ananditsatira mpaka pansi, ati akufuna kuwongola miyendo, munthu woti masitepe amadana nawo. Nditangotunga botolo loyamba anandilanda, n'kuliika pa sitepe. Anati tilisiye lipume ndipo nafenso tipume, kenaka anayamba kundisimbira za nkhuku za akazi awo zimene zimaikira mazira kwa aneba koma kudya zimadya kwawo. Nkhaniyo itatha ananyamula botolo lija. Pansi pake panali patadikha mchenga wosalala.

Anandifunsa kuti mwana wanga, zayamba liti. Anati iwo amandiona ali pamwamba m'kanyumba kawo ka mageti, ndipo poyamba ankayesa ndikutsuka botolo, koma m'zaka zonse zimene akhala padamu sanaonepo botolo lotsukidwa kanayi. Kenaka anakwera nalo mwawefuwefu, n'kukauza abwana kuti mwana wathu uja wapeza izi m'mawa uno.

Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine. Damu linali lodzaza ndipo mvula inali ikugwabe kumapiri. Abwana analamula kuti mageti onse anayi atsegulidwe masana omwewo kuti khoma lipepukidwe. Apa m'pamene ndinakuimbirani ndikulira kuti muchotse ana ndi ng'ombe kumtsinje.

Ndawerengera kangapo, ndipo yankho likutuluka limodzimodzi. Ndikananena Lolemba, tikanatsegula geti limodzi, mawa lake lina, ndipo mtsinje ukanangodzaza osasefukira. Anthu akanachenjezedwa masiku atatu, osati maola ochepa. Anyezi wa alamu amene anatsala sabata imodzi kuti azulidwe akanazulidwa. Pampu yanu mukanainyamula. Mlatho wa ana a sukulu bwenzi ulipo lero. Ndipo si inu nokha. Pamapu a mu ofesi, mtsinjewu uli ndi midzi khumi ndi iwiri madzi asanafike kwathu, ndipo ndimaiwerenga tsiku lililonse ndikamadutsa. Kuti sipanafe munthu ndi chifundo cha Mulungu, si nzeru zanga.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'choti aliyense akundiyamika. Abwana anandigwira chanza pamaso pa anthu. Mmodzi mwa anzanga oyenda cham'mbali aja tsopano amandikokera mpando. Inunso munandiuza pafoni kuti amayi akuuza aliyense wodutsa pakhomo kuti mtsikana wawo ndiye anapulumutsa mudzi, ndiponso kuti apempha abusa kuti Lamulungu loyamba la mwezi wa mawa adzaime kutsogolo kuthokoza Mulungu chifukwa cha ine. Mutatero ndinakhala pabedi osatha n'kuvula nsapato komwe.

Mwina ndikanangokhala nazo mumtima, pakuti mukundidziwa kuti kukhala chete sikundivuta. Koma dzana kunabwera akatswiri odzaona m'mene angakonzere khomali, ndipo akudalira buku langa. Mayi amene akuwatsogolera analiwerenga, n'kunena kuti m'posowa kuti damu lichuche madzi oyera Lachitatu, Lachinayi n'kutulutsa mchenga wochuluka chotero. Anati ngati zili choncho ndiye kuti bowo lili pafupi ndi ngalande ndipo angokonza chigawo chakunsi chokha. Koma likanakhala kuti linayamba pang'onopang'ono, akanaboola khoma m'malo ambiri kufufuza njira imene madzi adzitsegulira m'kati. Ananditembenukira n'kufunsa ngati ndikutsimikiza za masiku atatu aja. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Madzulo ake ndinapita kwa a Chipewa. Anati iwo ananama kamodzi kuti mwana wa eni asachotsedwe ntchito, ndipo sakudandaula, koma kunamiza anthu okonza khoma ndi nkhani ina. Anati iwo atsala zaka ziwiri kuti apume, nyumba yawo ili pamtunda, koma amene ali ndi mayi kumunsi kwa mtsinje ndine. Ndinawafunsa ngati sindiwaika m'mavuto ndikaulula. Anaseka, ati abwana akawakalipira adzangokokera chipewa kumaso mpaka mawu atathe.

Choncho lero m'mawa ndapereka kalata kwa abwana ndi kwa mayi uja. Ndalembamo tsiku lililonse, ndi kuti ndinakhuthula kangati. Mayiyo anawerenga ataima, sanandiyang'ane, anangoitana anzake kuti makina oboolera khoma asapakiridwe m'galimoto. Abwana anati tikambirana Lolemba. Sindikudziwa ngati ndidzakhala ndili pantchito pamene muziwerenga izi. Munasiya sukulu kuti ine ndipitirize, ndipo ndikudziwa chimene ndaseweretsa.

Pempho langa ndi limodzi. Muwauze amayi Lamulungu lija lisanafike. Ndikanawauza ndekha, koma pafoni samva bwino, ndipo adzangoti eya mwana wanga, eya, osamva kanthu. Mukhale nawo pansi, alamu ali pomwepo, muwawerengere kalata yonseyi. Ndikudziwa chizolowezi chanu cholumpha mizere yowawa mukamawawerengera zinthu. Ulendo uno musalumphe. Ngati akufunabe kukaima kutsogolo, akathokoze kuti tonse tili moyo, ndipo akatchule bambo wa mageti. Ine asakanditchule. M'tchalitchimo mudzakhala anthu amene minda yawo yasanduka mchenga, ndipo sindikufuna adzaombe m'manja chifukwa cha ine.

Ngati simundiimbira kwa kanthawi ndimvetsa.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa azakhali ndi amalume, kwa achemwali ndi amuna awo, ndi kwa ana onse mmodzimmodzi. Alamu okha musawapatsire moni wa papepala. Anyezi uja anathirira ndi manja awo miyezi inayi. Ndidzabwera ndekha kudzaima pakhomo pawo, ndipo ndidzadikira panja mpaka atanena okha kuti ndilowe.

Ndine mlongo wanu,
mzime wa amayi