Chimene Chinaimitsa Fani

Thambani, Mwanza
14 Novembala 2009

Okondedwa achimwene Matthew,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno mvula sinayambe, kutentha ndi komwe mukukudziwa kuja. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa thiraki amene amadutsa pa malire Lachiwiri, chifukwa pafoni mawu amandithawa.

Munafunsa kuti galimoto yanu inatani tsiku lija. Ndifotokoza mwadongosolo.

Nthawi ya akazi anu, alamu a Liness, itakwana, anamwino kuno anati mwana sanakhale bwino m'mimba, tithamangire ku chipatala cha ku boma. Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Tili pachitunda, muvi wa kutentha unafika pofiira, nthunzi n'kuyamba kutuluka m'boneti. Ndinaima. Injini ya dizilo ikawira chonchi, kuikakamiza n'kuipha.

Mayi wina wa nyumba yapafupi, a Malita, anabwera ndi anzawo awiri. Anatchinga mawindo ndi zitenje n'kundiuza kuti ndichokepo. Ndinakhala pansi pa mtengo nthawi yoposa ola limodzi. Kenako a Malita anandiitana. "Bambo, lizani galimoto. Mwana wabadwa koma sakulira." Injini inali itazizira. Ndinathira madzi, tinayenda pang'onopang'ono, kuima kawiri panjira. Mwana anakhala masiku asanu ndi limodzi pa makina omuthandiza kupuma. Zimenezi mukuzidziwa kale.

Sabata yatha ndinapita nayo galimoto kwa a Mahmud, amakaniko a ku boma. Anailiza n'kuisiya ikulira pamalo amodzi mpaka muvi unakwera. Fani ya rediyeta sinazungulire. Anazula fyuzi, anaipeza yabwinobwino. Anatenga mawaya awiri, kuchoka ku batire kupita ku fani mwachindunji, ndipo inazungulira mwamphamvu.

"Fani ilibe mlandu," anatero.

Anayesa kachipangizo kamene kamamva kutentha kwa madzi, nako kanalibe vuto. Panatsala rileyi, kabokosi kakuda kamene kamatsegulira magetsi opita ku fani. Pambali pake pali kena kofanana nako ndendende, ka hutala. Anazula ka hutala n'kukaika m'malo mwa ka fani. Fani inazungulira nthawi yomweyo. Anaika ka fani m'malo mwa ka hutala, anadina, hutala zii.

Anatiyang'anitsitsa timabokosi tonse tiwiri pa dzuwa, n'kundionetsa mikwingwirima ya sikuludiraiva m'mbali mwake.

"Timeneti wina anatizulapo kale. Amatsegula bokosi la mafyuzili ndani?"

Ndinati sindikudziwa. Iwo sanafunsenso. Anaika katsopano, ndipo galimoto ikuyenda bwino.

Achimwene, ndinatizula ndine. Mu Juni hutala inasiya kulira, ndipo ndinkaopa apolisi apamsewu. Ndinasinthanitsa, kakufako ndinakaika ku fani. Kunkazizira, maulendo anali afupiafupi, muvi sunkakwera kwenikweni. Ndinati ndigula kena ndikapita ku Blantyre. Ku Blantyre ndapita kawiri chichokere nthawi imeneyo. Sindinganene kuti ndinaiwala. Ndinkangoti ulendo wina.

Amayi akuuza aliyense kuti anakupusitsani ku Joni, anakugulitsani chiphakasa. Inunso pafoni munati mukudziimba mlandu, kuti mukanasankha ina. Galimoto munasankha yabwino. Zimenezo zichotseni mumtima.

Pempho langa ndi limodzi. Mundiuze ngati ndipitirize kuiyendetsa, kapena makiyi ndipereke kwa amalume a Timoti mpaka mudzabwere pa Khirisimasi. Chilichonse chimene munene ndichita.

Chimanga cha m'nkhokwe chifika Febuluwale. Denga la khitchini ndakonza. Mbuzi yamawanga ija yaswa awiri.

Mwana akuyamwa, ndipo dzulo pa sikelo anapezeka kuti wakwera pang'ono. Adokotala akuti tizipita naye mwezi uliwonse kuti aziona mmene akukulira, popeza anachedwa kupuma. Sanalonjeze kanthu.

Amayi akupereka moni. Achemwali a Dyna akupereka moni. Alamu akupereka moni wambiri, ndipo akuti munagwirizana kuti dzina la mwana ndipereke ine, poti ndi ine ndinawafikitsa ku chipatala. Iwo zimene ndalemba muno sakuzidziwa. Andifunsa katatu, ndipo ndawauza kuti ndikuganizabe. Panopa akungomutchula kuti mwana. Ndidikira yankho lanu kaye.

Ndine mng'ono wanu,
Kinsley