Phulusa la Bambo a Tadala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti miyendo ija yayamba kupezako bwino. Ine ndi Tadala tilipo kuno ku Sheffield, koma ndi thupi lokha.

Loweruka alamu anga anatitengera kumapiri kumene malemu amuna anga, a Peter, ankasaka nkhwali. Paja mtembo anawotcha, ndiye ndinagula nkhata ya maluwa poganiza kuti tikukakwirira phulusalo. Titafika ndinapeza alenje anzawo ataima pamzere ndi mfuti. Phulusa lija anali atalithira m'zipolopolo.

"Ndi zimene Peter ankafuna," anatero alamuwo, n'kundipatsa chimodzi.

Anawombera m'mwamba onse pamodzi, mphepo n'kumwaza utsiwo. Ena mpaka anawomba m'manja. Tadala anandifunsa m'Chingerezi kuti, "Amayi, maluwawa tiike pati?" Tinabwerera nawo kunyumba.

Chipolopolo changacho sindinalole kuti achiwombe, Amayi. Ndinachibisa m'thumba la jekete. Chonde mukalankhule ndi amalume, atipatseko malo kumanda kwathu. Sipafunika dzenje lalikulu, mkamwini wanu watsala wongokwana m'supuni imodzi. Ndikungofuna poti mwanayu azikasesa.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu,
Esinati