Mgolo wa ku Joni

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Nazombe mvula yagwa bwino, ndipo kalongonda wanu uja wabereka mpaka kuthyola mitengo. Mlongo wanga Esinati wachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Denga la khitchini yanu lagwa. Sindinalikonze, ulesi wanga mumaudziwa.

Koma chondilembetsa kalatayi ndi mgolo uja.

Simunandifunsepo ntchito imene ndinkagwira ku Joni. Kufakitale kwathuko amaphika malasha, ndipo madzi otuluka mmenemo amanunkha ngati chipatala chifukwa cha poizoni wotchedwa fenolo. Ife tinkawasakaniza ndi mafuta a benzolo m'thanki yaitali. Mafutawo amakoka poizoniyo n'kuyandama naye pamwamba, ife n'kuwachotsa, madzi a pansi n'kupita kumtsinje. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkatsukira madzi anthu osawadziwa n'komwe. Pobwera ndinatola mgolo wotayidwa umene unkasunga phula la fenoloyo, n'kungoukwecha ndi mchenga, n'kudzakupatsani kuti muzisungiramo madzi akumwa. Ndinkafuna anthu aone kuti mwana wanu sanabwere chimanjamanja.

Munkati madzi ake akuwawa, kenaka n'kuseka amvekere, "Chopatsidwa ndi mwana wako sichinunkha." Mutayamba kuwonda, mkodzo n'kuda ngati tiyi, ine ndinadziwa. Anthu ankati ndi ufiti, ine n'kumavomera nawo. Mpaka lero ndikamadutsa pa dibi la ng'ombe, fungo lija likandipeza, ndimamva kutsokomola kwanu kumbuyo kwanga. Sinditembenuka.

Titameta maliro anu, amalume pogawa katundu wanu anapereka mgolowo kwa Esinati. Mwambo mukuudziwa: chimene amalume agawa sichibwezedwa, ndipo ndikautenga popanda chifukwa adzati ndikulanda chamasiye. Ndinamugulira mtsuko waukulu, iye wathiramo nandolo. Akuti madzi a mumgolo amamukumbutsa inu. Dzulo ndinamupeza akutungamo n'kumwa, mwana ali kubere.

Ndili ndi mantha, amayi. Ndikanena zoona, mlongo wanga sadzandiyang'ananso kumaso, ndipo ndi yekhayo amene munandisiyira. Komabe Loweruka ndikaitana amalume, ndikauboola mgolowo ndi nkhwangwa onse akuona. Akandifunsa chifukwa, sindikanamizira dzimbiri. Ndikawauza kuti mfiti ija ankaifuna pamaliro panu inali pomwepo, itanyamula nawo bokosi.

Ndakulonjezani zimenezi, ndipo ndimakukondani, ngakhale ndilibe nkhope yonenera mawuwa.

Ine mwana wanu,
Layisoni