Madzi Ogona a m'Boyila

Lolemba, 13 Januwale

Kuno ku Takoma Park, ku America, kuzizira koopsa. Mwana wathu Tamara wakwanitsa sabata, kamphuno ngati kanga. Apongozi, mayi ake a mkazi wanga Christobel, abwerera chikuta. Chifikireni sanakhale pansi.

Kuntchito zomwezija: kuchotsa okosijeni m'madzi a nthunzi pa malo opangira magetsi a nyukiliya, mapaipi asachite dzimbiri. Ndinawafotokozera. Akuti, "Sukulu yonse ija kukathera kulondera madzi?"

Lachitatu, 15

Boyila yotenthetsa nyumba ikulira khokhokho. Nkhalamba imeneyi ikafa, khanda lizizidwa. Ndatsikira kuchipinda chapansi. Pansi ponyowa, ndowa pambali. Eee!

Lachisanu, 17

Ndawapeza! M'mawa uliwonse apongozi amakhetsa madzi a m'boyila n'kuthiramo atsopano. Ndinamva akuuza Christobel kuti madzi ogona sasungidwa m'nyumba ya khanda.

Mayo ine. Madzi ogonawo ndiye abwino, mpweya unathamo kale. Atsopano amabwera ndi okosijeni, chitsulo n'kumadyeka. Kuntchito izi ndimakalipira azungu a imvi. Kuno ndinangoti, "Mwadzuka bwanji, amayi," n'kubwerera chobwerera. Mkamwini n'kudzudzula apongozi? Ndani anaonapo?

Christobel kuseka mpaka misozi. Akuti, "Amayi ndi anga, koma boyila ndi yako, Henderson."

Loweruka, 18

Kadontho kofiirira pa paipi. Mantha andigwira zenizeni.

Ndinavala jekete, ndinanjuta pamaso pa apongozi pa simenti yozizira, maso pansi. Ndinazungulira, kuyambira za ulendo wawo, za mvula ya ku Ntcheu, kenako dzimbiri. Anamvetsera mpaka kumapeto. Akuti ankaopa kuti mdzukulu akupuma nthunzi ya madzi akuda a m'boyila. Anasiya munda wosapalira kudzateteza kamwanaka, ndiye aone zoterozo n'kungokhala?

Ndinachita manyazi. Ndawaonetsa kuti nthunziyo imayenda m'mapaipi mokha, kenako imabwerera ili madzi.

Lachiwiri, 21

Paipi yakonzedwa. Nyumba fuu, Tamara tulo.

Madzulo ndinatsika ndi kabotolo kuti nditungeko madzi a m'boyila pang'ono ndikayeze. Pampopi pamangidwa kansalu ka chitenje, mfundo yolimba. Kumbuyo kwanga apongozi kutsokomola.

Akuti, "Bambo a Tamara, madziwo akugona. Musawadzutse."

Ndabwerera ndi kabotolo kopanda kanthu.