Phwete Langa ndi Kamera ya Eni Ake

Lamulungu, 8 Febuluwale

Andipatsa kamera! Ine Zuhura, wonyamula mabatire ndi maambulera uja. A Lwitiko, otsogolera filimu yathu, andiimbira ndili pakati pochapa. Akuti Kondo, wojambula wathu wamkulu, wapita ku Mwanza kukajambula nyimbo, abwera Loweruka, ndiye sabata ino kamera ndi yanga. Ndinayankha kuti "chabwino bwana" ngati munthu wozolowera, koma nditadula foni ndinavina mpaka kugubuduza beseni. Mayi anatuluka ndi mpeni wa anyezi m'manja, amayesa kwalowa njoka.

Gawo lalikulu tijambula Lachisanu. Madala athu Mzee Dilunga, inde a Dilunga omwe aja ndakula ndikuwaonera pa TV, akutuluka m'nyumba atapanira tambala m'khwapa, ulendo wokafunsira mayi wamasiye kumapeto kwa kanjira kena ku Tandika, dera lina la mumzinda wathu uno. Aliyense wokumana naye akumuuza bodza lakelake la komwe akupita ndi tambalayo. Kamera iyende chafutambuyo patsogolo pawo, kuchoka khomo ili mpaka khomo ilo, osadula. A Lwitiko (tingoti A L.) sanapsatire: ndikaligwira bwino gawoli, ndikhala wojambula wachiwiri mpaka filimu ithe. Likandikanika, ajambula Kondo Loweruka, ine n'kubwerera ku mabatire anga.

Silingandikanike. Maukwati onse ndajambula aja ndayenda chafutambuyo patsogolo pa akwatibwi, sindinagwerepo m'ngalande.

Lolemba, 9 Febuluwale

Mayo ine. Nthiti zikuwawa, manyazi nawo ali pomwepo.

Lero kunali kuyeserera. Kamera paphewa, mawondo opinda pang'ono, kuponda zala kaye kenako chidendene, zonse mwa dongosolo lake. A L. akuti "Tiyeni!" Chitseko chitseguka, a Dilunga atuluka, ayang'ana uku ndi uku, kenako anong'oneza tambala: "Ukangolira tisanafike, ndikawauza mayiwo kuti ndiwe ndiwo." Basi ine ndafa nalo phwete. Phewa kudumphadumpha, kamera nayo kudumpha, pa sikirini Tandika yense akuoneka ngati kwachita chivomezi.

"Dulani!"

Ndinapepesa. Ndinati ulendo wachiwiri sindiseka, nthabwalayo ndaimva kale. Ndikanadziwa! Mkuluyu sabwereza mawu. Telala atawafunsa komwe akupita, akuti, "Kuchipatala mwanawe, wayamba kulira masana, ndikuopa ndi shuga." Wogulitsa tchipisi amuuza kuti ndi mlendo wochokera ku Morogoro, akumuonetsa tawuni. Ine misozi chuchuchu.

Shomari wa zamawu, uja amayenda ndi maikolofoni pa ndodo, akuti, "Bwana, kamerayi ingompatsani tambalayu. Taonani, thupi likugwedezeka koma mutu uli phee." Anthu onse kuseka. Chowawa n'chakuti sakunama, ndinamuyang'anitsitsa tambalayo.

A L. sanaseke. Angoti, "Zuhura, sankha chida chomwe chikuthandize. Lachisanu silisuntha."

Lachiwiri, 10 Febuluwale

Gimbo! Ndamutenga m'kabati ya Kondo, ka mtengo kachitsulo ka timainjini titatu togwira kamera kuti isapendekere kwina kulikonse. M'mawa wonse ndinali kusunthasuntha kamera pa kathireyi kake mpaka inaima yokha osagwera kutsogolo kapena kumbuyo. Nditayatsa, kanachita kudzuka kokha n'kuyang'ana kutsogolo. Ndinakapsompsona, Shomari anaona, ndilibe nazo ntchito.

Ndinayenda kanjira konse ndekha, chithunzi chikuyandama bwinobwino. Ndinathamanga, chimodzimodzi. Ndinati eya, phwete lapeza mankhwala.

Kenako kunabwera a Dilunga. Mayi wina wa pakhonde awafunsa, iwo akuti, "Ndikukamulembetsa sukulu, kunyumba akungocheza ndi atsikana." Apa m'pamene ndaphunzira chimene Kondo sanandiuzepo. Gimbo amaletsa kupendekeka ndi kutembenuka, koma kukwera ndi kutsika alibe nako mphamvu. Ndipo munthu akamaseka mapewa amapita kuti? M'mwamba ndi pansi. Ndiye a Dilunga anatuluka owongoka bwino, koma akunjanja ngati ali pa njinga yamoto ya bodaboda mumsewu wa maenje.

Masana tinayesa njinga ya anthu olumala yomwe Tatu wodzoladzola anthu anabwereka kwa azakhali ake. Ine kukhalamo ndi kamera, Tatu kukoka. Inayenda pang'ono, n'kutitimira mumchenga pafupi ndi pa telala, ine miyendo m'mwamba, kamera nditaikumbatira ngati khanda. A Dilunga anangondiweramira n'kuuza tambala, "Waona? Awanso akupita kuchipatala." Anachita kundidzutsa anthu awiri, mphamvu zonse zitathera m'kuseka.

Ndikulemba izi ndikusekabe, koma mantha ayamba. A L. ndinawamva akufunsa pa foni ngati basi ya ku Mwanza imafika m'mawa kapena madzulo.

Lachitatu, 11 Febuluwale

Thonje! Nzeru zandibwerera ndikutsuka mano. Ngati vuto ndi makutu, titseke makutu. Ndapempha thonje kwa Tatu, ndafwatika mbali zonse ziwiri, ndamanga mpango pamwamba. Maso pa sikirini pokha, nkhope ya Mzee osaiyang'ana.

Ndayenda khomo mpaka khomo osagwedezeka ngakhale pang'ono!! Ndinatsala pang'ono kulumpha ndi gimbo yemwe. Ndagulira Tatu madzi a nzimbe.

Madzulo.

Ndinafulumira kukondwa. A L. anaonera kawiri chomwe ndajambula chija, nkhope ili gwaa. Akuti, "Kamera ili bwino. Koma Mzee, mwadzuka bwanji lero? Mukudwala?" Nditachotsa thonje n'kuonera nawo, ndinamva ndekha. Mawu ndi oseketsa ndithu, koma ali zii, ngati munthu akuwerenga nyuzipepala. Palibe anaseka, ngakhale Shomari.

A Dilunga anandiitana pa benchi ya mayi wokazinga chinangwa. Anandigawira chawo, tsabola wambiri.

"Mwanangwe, lero unapita kuti?"

"Ndinali pomwepo, Mzee, patsogolo panu."

"Ayi. Patsogolo panga panali galasi ndi mpango."

Akuti iwo anakulira m'maholo a zisudzo, mmene ukaponya mawu anthu amakubwezera pompo, n'kudziwa poti uwonjezere ndi poti udikire. Chilowereni m'mafilimu, aliyense amakhala chete ngati pamaliro, iwo n'kumalankhula ndi diso lagalasi. "Lolemba lija ndinamva munthu akuseka kuseri kwa kamera, ndinabwerera unyamata. Mabodza onse aja ndimapekera iwe. Ndiye lero wanditsekera pakhomo."

Ndinakondwa, ndisaname, a Dilunga kupekera ine nthabwala! Komanso ndagwira njakata. Ndikaseka kamera ivina, ndikapanda kuseka Mzee afota. Konse konse mabatire akundidikira.

Lachinayi, 12 Febuluwale

Pansi pa kabati ya Kondo pali chikwama chomwe aliyense amachidutsa. Muli chovala cholimba cha pachifuwa, chokhala ndi mkono wachitsulo wa masipuling'i, kamera imakhala kumapeto kwa mkonowo. Kondo amati n'chachikale, cholemera, chotentha. Koma ntchito ya masipuling'iwo ndi yomwe ija gimbo amaikana: thupi likakwera kapena kutsika, mkono umameza, kamera n'kutsala pomwe inali. Chinanso, kamera imakhala cha pambali, nkhope yanga n'kukhala poyera, Mzee azindiona!

Ndachitcha Kamba. Ukachivala umafanana naye, ndipo umayendanso ngati iye.

Anachisokera amuna a chifuwa ngati chitseko. Pa ine chimangoti khwekhwerere. Ndapita nacho kunyumba pa bajaji, ka njinga ka matayala atatu kaja, mayi apinda nsalu zawo ziwiri n'kundifwatika m'mbali ndi m'chiuno, kukoka malamba uku akunena kuti anthu amabereka ana, wawo wabereka chitsulo. Masipuling'i ndawafewetsa pang'onopang'ono mpaka kamera inayandama payokha pa msinkhu wa chifuwa, yongofuna kuiwongolera ndi nsonga za zala. Ukaigwira mwamphamvu, kunjenjemera kwako konse kumalowamo. Ndiye chinsinsi n'kusaiumirira.

Mayeso ake: kapu ya madzi pamwamba pa kamera, ine chafutambuyo kuzungulira bwalo, mayi patsogolo panga akuyerekeza mmene a landilodi athu amayendera akavala nsapato zatsopano. Mayi anga ndi oopsa! Kapu yoyamba yonse inathera pa ine. Yachiwiri theka. Kenako ndinaseka mpaka kutsamwa, kuyang'ana kapu, madzi akungonyezimira osatayika. Tinakuwa tonse awiri, aneba kusuzumira.

Ndamuimbira Shomari za phokoso. Akuti, "Seka ndi mano, osati ndi kholingo. Ndikangomva ka hii kako m'makutu mwanga, ndikugogoda ndi ndodoyi." Ndayeserera pagalasi, ndikuoneka ngati mbuzi yomwe yadya tsabola.

Msana ukuwawa. Mtima uli m'mwamba.

Lachisanu, 13 Febuluwale

Tiyi wakanika kulowa. Ndanyamula Kamba, ndikupita.

Madzulo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Ndikufika ku Tandika, Kondo uyo, wakhala pa mpando pafupi ndi a L., chikwama cha ulendo chili pamiyendo. Wabwera lero m'malo mwa mawa. Anandiyang'ana ndili m'Kamba, nsalu za mayi zikusuzumira m'mbali, akuti, "Chimenecho wachifukula kuti? Ufa nacho kutentha." Ndinati ndifa ndikuseka.

Nthawi inali yochepa, chifukwa anthu akayamba kupita ku mzikiti kanjirako sikadutsika. Ulendo woyamba ndinagunda ndowa ya telala ndi chidendene. Tatu, yemwe amandigwira lamba kumbuyo kuti azindilondolera, anali akuonerera Mzee m'malo moyang'ana njira. A L. anayang'ana dzuwa, kenako anayang'ana Kondo. Ndinaziona ndi maso angawa. Kondo anaimirira, ine ndinayamba kufunafuna chomasulira lamba.

Anadutsa kamera osaikhudza. Anapita kumbuyo kwanga, n'kugwira lamba. "Tatu, pita ukadzoze anthu. Iwe, usacheuke. Ndikakoka kumanja, pita kumanja. Ngalande ndikuuza ndi chala."

"Tiyeni!"

Chitseko. A Dilunga atuluka, maso awo anayamba apeza nkhope yanga, kenako tambala. Zomwe ananena m'njira monse sindingazilembe zonse, zinali zatsopano zokhazokha, ndipo ankachita kudikira kuti ndimalize kuseka asanaponye ina. Ine kukamwa yasaa, mawu osatuluka, mapewa akuvina, thukuta kamukamu, misozi kutseka maso mpaka sikirini ndimaiona mwa chimbuuzi. Zala zokha zili pa chitsulo mopepuka. Chala cha Kondo pamsana, ndadumpha ngalande. Kumanja. Kumanzere. Khomo la mayi wamasiye. Mayiwo atsegula, a Dilunga agwada, akweza tambala m'mwamba:

"Mayi, tabwera awiri. Mmodzi wabwera kudzakhala, wina kudzadyedwa. Musankhe nokha."

Ndinaluma mlomo mpaka kulawa magazi. A L. anachedwa dala, kenako "Dulani!" Kanjira konse kanaphulika, ndi anthu a m'mawindo omwe.

Tinaunjikana pa sikirini. Aliyense akugwa ndi phwete, Shomari wagwira pamimba, Kondo akumenya khoma, ngakhale a L. mano onse panja. Ine ndekha ndili duu, maso ali m'mbali mwa chithunzi, kudikira pomwe chidumphe. Telala wadutsa. Wa tchipisi wadutsa. Ngalande yadutsa. Sichinadumphe.

A Dilunga anandigunda ndi chigongono. "Nanga lero sukuseka bwanji, mwanangwe?" Ndinangowalozera sikirini ndi chala.

A L. anatseka sikirini. "Tambala wamaliza ntchito yake, Zuhura apite naye kwa mayi ake, abweze nsalu ndi ndiwo. Lolemba ubwere ndi Kamba wakoyo. Kondo, mupezeretu wina wa mabatire."

Ndabwerera pa minibasi ya daladala nditaimirira, tambala m'khwapa, msewu wonse maenje okhaokha. Iye mutu uli phee. Ine ndikungoseka ndekha, kondakitala mpaka anandifunsa ngati ndili bwinobwino.